Maselo a m'mafuta akukana kupanga chicherewecherewe ndi TGF-β3 yokha, vuto lili pati?

Nachisale_Parktown
Moni nonse pagulu pano, ndikulemba kuchokera ku Johannesburg. Ndikupempha nzeru kwa amene mumagwira ntchito ndi ma stem cell ochokera m'mafuta a munthu. Maselo ndi a passage 4 (agawidwa n'kudzalidwanso kanayi), a mafuta a pamimba, ochokera kwa anthu atatu. Pa flow cytometry, poyeza zizindikiro za pamwamba pa maselo, CD73, CD90 ndi CD105 zili bwino, CD45 palibe. Kusanduka mafuta akusanduka, utoto wa mafuta wa Oil Red O ukufiira pofika tsiku la 14. Ku fupa nako utoto wa calcium wa Alizarin Red ukugwira. Koma chicherewecherewe ndiye ayi. Ndikuika maselo 250,000 mu chubu cha 15 mL, kuzunguza pa 300 g kwa mphindi 5 kuti apange kampira pansi. Medium, madzi odyetsera maselo, ndi DMEM ya shuga wambiri, ITS+ 1%, dexamethasone 100 nM, ascorbate-2-phosphate 50 µg/mL, proline 40 µg/mL, pyruvate, ndi TGF-β3 (puloteni youza maselo kuti asanduke chicherewecherewe) 10 ng/mL, yopanda seramu. Pofika tsiku la 21 timipirato tikumakhala ting'onoting'ono ngati njere ya mapira, utoto wa chicherewecherewe wa Safranin O wotumbululuka, collagen II (wa chicherewecherewe chenicheni) osaoneka, koma collagen I wadzaza m'mphepete monse. Maselo a m'mongo wa fupa pa medium yomweyo akupanga bwinobwino. Ndiwonjezere TGF-β3 kapena vuto lili kwina?

Kadzidzi77
Musawonjezere, mungotaya ndalama. Chimene chikusowa pamenepo ndi puloteni ina yotumiza uthenga kwa maselo, BMP-6.

Tsabola_wakale
Ine ndikukayikira TGF-β3 yanuyo. TGF-β imamatirira pa pulasitiki ndi pa galasi. Munaisungunula ndi chiyani? Ngati ndi PBS (madzi amchere) yokha, yopanda asidi komanso yopanda BSA (puloteni yoteteza kuti isamatirire), yambiri yatsalira pakhoma la chubu, siinafike kwa maselo.

Kadzidzi77
A Tsabola, werenganinso mzere wakumapeto. A m'mongo akupanga bwino pa medium yomweyo. Puloteni ikanakhala yakufa, iwonso akanalephera.

Tsabola_wakale
Ndaona, achimwene. Koma kufa ndi kufooka n'zosiyana. Puloteni yofooka ikhoza kukwanira maselo omva msanga, n'kuchepera awa ouma makutuwa. Ndibwereranso pa nkhani ya kasungidwe, siinathe.

Mlongoti
Achemwali a Nachisale, zimene mwaonazi si zachilendo ndipo si kulakwa kwa manja anu. Tiyambire pa mmene uthenga umalowera mu selo. TGF-β imaima panja n'kugwira receptor (cholandirira uthenga) ya mtundu wachiwiri, TβRII. Imeneyi imakokera pafupi receptor ya mtundu woyamba, ALK5, n'kuiyatsa poiika phosphate. ALK5 ndi imene imaika phosphate pa Smad2 ndi Smad3. Awiriwa amagwirana ndi Smad4 n'kulowa mu nucleus, kumene amathandizana ndi SOX9. Ndipo SOX9, pamodzi ndi SOX5 ndi SOX6, ndi amene amatsegula majini a collagen II ndi aggrecan, proteoglycan (puloteni yokhala ndi maunyolo a shuga) yaikulu ya chicherewecherewe. ALK5 ikasowa, ngakhale muthire TGF-β3 yochuluka bwanji, mukugogoda pa nyumba yopanda munthu.

Mu 2007 Hennig ndi anzake a ku Heidelberg anayerekeza maselo a m'mafuta ndi a m'mongo. Anapeza kuti a m'mafuta amadzipangira BMP-2, BMP-4 ndi BMP-6 zochepa, komanso ALK5 siinkaoneka. Atawathira BMP-6, ALK5 inayamba kupangidwa, ndipo TGF-β3 itaphatikizidwa ndi BMP-6 timipira tinapanga collagen II ndi proteoglycan mofanana ndi ta m'mongo. BMP ili ndi njira yakeyake, imadzera pa ALK2, ALK3 kapena ALK6 kupita pa Smad1, Smad5 ndi Smad8. Kuti chicherewecherewe chipangike, njira ziwirizi ziyende limodzi. Maselo a m'mongo amabwera ndi ndiwo yawo, inu mumangowapatsa nsima. A m'mafuta muyenera kuwapatsa zonse ziwiri.

Collagen I wa m'mphepeteyo nayenso ali ndi chifukwa chake. Maselo a pamwamba pa kampira amakhala ophwatalala ndi okokeka, ndipo selo lokokeka likamva TGF-β limapita ku fibroblast kapena myofibroblast, maselo opanga zipsera. Pakani α-SMA, chizindikiro cha myofibroblast, pa ma section omwewo, mwina muona mkombero wofiira kunja.

Yambani ndi TGF-β3 10 ng/mL ndi BMP-6 10 ng/mL, zonse kuyambira tsiku loyamba.

Phwetekere_PCR
10 ng/mL ya BMP-6 ndi yochepa. Gulu la Farshid Guilak ku Duke, mu ntchito ya Estes ya 2006, linagwiritsa 500 ng/mL pa maselo a m'mafuta a munthu, BMP-6 payokha. Aggrecan ndi collagen II zinakwera kwambiri pamene collagen X, chizindikiro chakuti chicherewecherewe chikulowera ku fupa, inatsika. Kutsika kwa collagen X kumeneko ndi kumene tonse timakufuna.

Mlongoti
Zoona, koma onani kumene maselowo anali. A Estes anawaika mu timikanda ta alginate, selo lililonse lili lobulungira palokha, losakhudzana ndi linzake. Mu kampira maselo amathinana ndipo amagwirana ndi N-cadherin masiku oyamba. Ndi malo awiri osiyana, ndiye mlingo wa uku sungangousamutsira uko.

Kadzidzi77
Komanso tiwerengere. Timipira 24, kalikonse medium ya 0.5 mL, kusintha katatu pa sabata kwa masabata atatu, ndiye ka 9. Imeneyo ndi 108 mL. Pa 10 ng/mL mukufuna 1.08 µg basi. Pa 500 ng/mL mukufuna 54 µg, kutanthauza mabotolo asanu ndi limodzi a 10 µg pa kuyesa kumodzi. Zinthuzi zimaitanitsidwa kunja, mtengo wake umatsata dola kapena yuro pamene ndalama za kafukufuku zili mu marandi, ndipo zimatenga masabata kuti zifike. Yambani ndi 10, mukafuna kuona ngati mlingo ukusintha zinthu onjezani gulu limodzi la 100.

Phwetekere_PCR
Pa mtengo sinditsutsa. Koma musadzadabwe mukaona collagen X. Mu ntchito ya ku Heidelberg yomweyo timipira ta TGF-β3 ndi BMP-6 tinakwezanso collagen X ndi alkaline phosphatase, ndipo titaikidwa pansi pa khungu la mbewa za SCID, zopanda chitetezo cha m'thupi, tinalowa calcium. Walira mvula walira matope.

Nachisale_Parktown
Zikomo akuluakulu. Ndisanaitanitse BMP-6, pali njira yoti nditsimikizire kuti vuto ndi ALK5 osati puloteni yofooka? Sindikufuna kudikira masiku 21 ena mwa kungoganizira.

Phwetekere_PCR
Ilipo, ndipo ndi ya masiku ochepa okha. Dzalani maselo a m'mafuta ndi a m'mongo mu mbale ya 6-well. Akadzaza pafupifupi 80%, achotsereni seramu usiku wonse, chifukwa seramu ili ndi TGF-β yakeyake ndipo ingakusokonezeni. M'mawa thirani TGF-β3 10 ng/mL kwa mphindi 45 kapena ola limodzi, tsukani ndi PBS yozizira, n'kuwaphwanya mu lysis buffer yokhala ndi phosphatase inhibitor. Mukaiwala inhibitor imeneyi phosphate imachoka musanafike n'komwe pa gel. Kenako western blot, njira yoonetsera puloteni ngati mzera, ya phospho-Smad2 (Smad2 yoyatsidwa) pambali pa Smad2 yonse. Well imodzi ithiridwe SB431542 10 µM theka la ola TGF-β3 isanalowe. Mankhwalawa amatseka ALK5, ndiye mzera ukazimiririka pamenepo mwadziwa kuti antibody yanu ikunena zoona.

Mzera ukakhala wakuda bii mwa a m'mongo koma wofooka mwa a m'mafuta, puloteni ili moyo, vuto ndi maselo. Ukakhala wofooka konsekonse, a Tsabola anali ndi mfundo. Pa RNA yesani TGFBR1, limene ndi jini la ALK5, musanathire BMP-6 komanso patatha masiku awiri kapena atatu mutathira. Pofuna kudziwa ngati BMP-6 yatsopanoyo ikugwira ntchito, jini la ID1 limakwera m'maola ochepa, ndipo LDN-193189 100 nM, mankhwala otseka ma receptor a BMP, iyenera kulitsitsa.

Tsabola_wakale
Ndabwera ndi za kasungidwe zija. Botolo la ufa lizunguzeni pang'ono pa centrifuge musanatsegule, ufawo umakonda kukhala pa chivindikiro. Sungunulani motsata pepala la kampani. Ambiri amati 4 mM HCl yokhala ndi BSA 0.1%, ena amati citric acid 10 mM. Musachite vortex. Botolo la 10 µg mu 500 µL limapereka 20 µg/mL, ndiye 10 ng/mL ndi 5 µL mu medium ya 10 mL. Gawani mu timachubu ta low-bind, kalikonse kokwanira sabata imodzi, n'kusunga pa -80. Kachubu kamene mwasungunula kakhale pa madigiri 4, kasabwererenso mu freezer.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi ziwiri. Choyamba, kupanga medium yonse ya masabata atatu tsiku limodzi, puloteni ili kale m'kati. Medium yopanda puloteni mutha kuisunga, koma TGF-β3 ndi BMP-6 zilowe tsiku losinthalo. Chachiwiri, kusefa medium pa 0.22 µm mutathira kale puloteni. Pa mlingo wa nanogram, sefa imakudyerani gawo. Sefani kaye, puloteni pambuyo. Ascorbate nayonso, ngati ndi ascorbic acid wamba imawonongeka msanga mu medium, n'chifukwa chake timagwiritsa ya 2-phosphate. Popanda iyo proline ya mu collagen siilandira hydroxyl ndipo collagen siituluka bwino mu selo.

Kuno magetsi amatha kuzima, ndiye freezer imene ili ndi mapuloteni ikhale pa mzere wa jenereta, ndipo timachubuto tikhale m'kati mwenimweni, osati pafupi ndi chitseko.

Chimanga_Choyera
Nonse mukukamba za masiku 21 omaliza, koma nkhani imayambira pa kuchulukitsa. A Nachisale, mukuwakulitsa mu chiyani?

Nachisale_Parktown
DMEM ndi FBS (seramu ya ng'ombe) 10%, palibenso china. Ndimawagawa akadzaza.

Chimanga_Choyera
Pamenepo pali zokonza ziwiri. Musawalole kudzaza, agaweni pa 70 mpaka 80%. Akathinana kwa masiku amakula matupi, amaphwatalala, ndipo mphamvu yosanduka imachepa. Kenako onjezani FGF-2, puloteni yothandiza maselo kugawikana, pa nthawi yochulukitsa, pakati pa 1 ndi 5 ng/mL. Maselo amakhala ang'ono, owonda ngati singano, amagawikana msanga, ndipo akalowa mu kampira amamva TGF-β bwino kuposa amene anakulira mu seramu yokha. Gulu la ku Duke lija linkakulitsa ndi EGF 5 ng/mL, FGF-2 1 ng/mL ndi TGF-β1 pang'ono zedi, 0.25 ng/mL. FGF-2 siikhalitsa pa madigiri 37, ndiye medium isinthidwe masiku awiri aliwonse. Koma tsiku lopanga kampira ichotseni, tsukani maselo kawiri. Ntchito yake ndi yowakonzekeretsa, ndipo ikatsalira mu medium ya fupa imachedwetsa kulowa kwa calcium.

Ufa ndi womwewo, koma nthawi yothira ndi kuchuluka kwake ndi zimene zimasiyanitsa phala ndi nsima. TGF-β1 ya 0.25 pochulukitsa imakonzekeretsa, ya 10 mu kampira imapanga chicherewecherewe, ya 10 yomweyo pa maselo oyalidwa pa pulasitiki imapanga myofibroblast, ndipo mu medium ya mafuta imaletseratu madontho chifukwa Smad3 imagwira C/EBP n'kuilepheretsa kuyatsa PPARγ, jini loyambitsa kusanduka mafuta.

Namondwe_JHB
Ena asiya FBS, akugwiritsa platelet lysate ya munthu, madzi ochokera ku ma platelet a magazi ophwanyidwa, pa 5%. Maselo amathamanga kwambiri chifukwa muli PDGF, TGF-β1, FGF-2, EGF ndi IGF-1. Koma dziwani kuti simukudziwa mlingo wa chilichonse mwa zimenezi, ndipo umasintha gulu ndi gulu. Mumafunikanso heparin pafupifupi 2 U/mL kuti medium isaundane, pamene heparin imagwira FGF-2 ndi ma BMP. Ngati funso lanu ndi lakuti puloteni yakutiyakuti ikuchita chiyani, tsukani bwino musanayambe kusandutsa. Ku University of Pretoria, ku Institute for Cellular and Molecular Medicine, anagwirapo ntchito yochotsa FBS pa maselo omwewa a m'mafuta, ndi pafupi pompa.

Kadzidzi77
Funso limodzi lomwe palibe wafunsa. Zivindikiro za machubu mukuzimasula?

Nachisale_Parktown
Eya, theka la mzungulo. Koma medium ikumaoneka yofiirira moderako kusiyana ndi ya m'botolo.

Gogo_Inkyubeta
Mtundu umenewo musaunyozere, mwana wanga. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mphamvu ya mpweya kuno ndi pafupifupi 82 kPa pamene ku Durban kapena ku Cape Town ndi 101. Chimene chimasunga pH ya medium si peresenti ya CO2 koma partial pressure yake. 5% ya 101 ndi 5.1 kPa, pamene 5% ya 82 ndi 4.1 kPa. Kusiyana kumeneko kumakweza pH ndi pafupifupi 0.1. Ndiye DMEM ili ndi bicarbonate 3.7 g/L, inapangidwira 10% CO2, moti ngakhale m'mbali mwa nyanja pa 5% imakhala kale cha pa 7.6. Kuti mufanane ndi 5% ya kunyanja, kuno pafunika pafupifupi 6.2%.

Koma musathamangire kukanikiza batani. Sensa ya infrared imawerenga kuchuluka kwa mamolekyu, ndiye zimadalira ngati makinawo amakonza okha za kukwera kwa malo komanso anawachunira ndi chiyani. Fyrite, chida cha m'manja choyezera CO2, imapereka peresenti ya pamalo pomwepo. Chosavuta ndi ichi: ikani medium yopanda maselo mu inkyubeta usiku wonse, chivindikiro chomasula, m'mawa muyeze pH nthawi yomweyo isanatulutse mpweya. Mukufuna pakati pa 7.2 ndi 7.4.

Tsabola_wakale
A Gogo anena zofunika, ndipo zikukhudzanso fupa lija a Nachisale akuti likuyenda bwino. Pakakhala β-glycerophosphate 10 mM ya mu medium ya fupa, pH yokwera, ndi maselo ochepa akufa, calcium phosphate imagwa yokha ndipo Alizarin Red imaifiiritsa chimodzimodzi. Kufiira si umboni wa fupa.

Nachisale_Parktown
Ndiye umboni wokwanira ndi uti?

Tsabola_wakale
Alizarin Red S 2% pa pH ya 4.1 mpaka 4.3, yoyezedwa tsiku lomwelo. Pakhale well yopanda maselo koma ya medium yomweyo, ndi well ya maselo yokhala ndi β-glycerophosphate yokha. Onani pa maikulosikopu: fupa lenileni limakhala timibulu tokwera pamwamba pa maselo ounjikana, pamene zogwa zokha zimamwazika ngati mchenga paliponse. Onjezani alkaline phosphatase pa tsiku la 7, RUNX2 ndi Osterix kumayambiriro, bone sialoprotein ndi osteocalcin kumapeto. Mukatsitsa β-glycerophosphate kufika 5 mM zabodzazo zimachepa.

Mlongoti
Pa fupa pomwepo, anthu ambiri amaganiza kuti BMP-2 ndi yankho nthawi zonse. Pa maselo a makoswe ndi mbewa imagwiradi mwamphamvu. Pa a m'mafuta a munthu zotsatira n'zosakanikirana. Patricia Zuk mwiniwake, amene gulu lake ku UCLA linafotokoza maselowa mu 2001, anadzalemba mu 2011 kuti BMP-2 mwina siisintha kwenikweni kusanduka fupa kwa maselo a m'mafuta a munthu. Chimodzi mwa zifukwa zimene zimakambidwa ndi chakuti BMP imayatsa zodziletsa yokha, noggin panja pa selo ndi Smad6 m'kati, ndiye mukamaithira tsiku ndi tsiku selo limatseka makutu. Ku Amsterdam, Knippenberg ndi anzake mu 2006 anaonetsa pa maselo a mbuzi kuti mphindi 15 zokha za BMP-2 zinali zokwanira kuwakankhira ku fupa, pamene BMP-7 inawakankhira ku chicherewecherewe.

DokotalaWaMafupa
Za mtundu wa nyama zili ndi umboni wa pakhomo pompano. Ugo Ripamonti, ku Bone Research Laboratory ya yunivesite ya Wits ku Johannesburg, anaonetsa kwa zaka zambiri kuti TGF-β3 ikaikidwa mu mnofu wa pamimba wa nyani wa mtundu wa Papio ursinus imapanga fupa, chinthu chimene sichichitika mwa makoswe. Puloteni yomweyo imene tikuifuna pa chicherewecherewe. Ndiye mukamawerenga zotsatira, funso loyamba likhale lakuti maselo anali a nyama yanji.

Ndifunseko kunja kwa mutu pang'ono. Odwala mawondo akumafunsa za jakisoni wa mafuta awo omwe, ena akumalipira ndalama zambiri ku zipatala zapadera. Kodi a mu labu mungawayankhe bwanji?

Chimanga_Choyera
A Dokotala, yankho lili mu zokambirana zomwezi. Mu labu tikuvutika masiku 21 ndi maselo osankhidwa, othinanitsidwa, opatsidwa TGF-β3 ndi BMP-6 katatu pa sabata, komabe chotuluka chimakhala ndi collagen I ndi collagen X. Chimene chimabayidwa tsiku lomwelo la opaleshoni ndi SVF, msakanizo wa maselo a mitsempha ya magazi, ma pericyte, ma macrophage, ma lymphocyte ndi gawo la ma stromal cell. Palibe chowauza kuti asanduke chicherewecherewe, ndipo ambiri sakhalitsa mu bondo. Ngati ululu uchepa, n'kutheka kuti ndi chifukwa cha zimene maselowo amatulutsa, monga HGF, VEGF ndi zochepetsa kutupa. Kuchepa kwa ululu ndi nkhani ina, kumera kwa chicherewecherewe chatsopano ndi nkhani inanso, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa asanalipire.

Namondwe_JHB
Ngakhale mankhwala amene anadutsa mayeso akuluakulu sanapeze njira yophweka. Darvadstrocel, wa maselo a m'mafuta ochulukitsidwa, anavomerezedwa ku Ulaya mu 2018 pa mafistula a matenda a Crohn, koma mayeso achiwiri aakulu sanaonetse phindu loposa gulu loyerekezera ndipo anachotsedwa pa msika wa ku Ulaya. Kuno nkhani za minofu ndi maselo a munthu zili pansi pa Chapter 8 ya National Health Act 61 ya 2003, ndipo ngakhale mafuta otayidwa pambuyo pa liposuction amafuna chilolezo cha mwini wake ndi cha komiti ya ethics musanawatengere ku labu.

DokotalaWaMafupa
Ndathokoza. Ku mbali yathu phunziro la mlingo tinalipeza pa BMP-2. Ya opaleshoni ya msana inavomerezedwa ku America mu 2002 pa 1.5 mg/mL, pamene inu mukukamba za nanogram. Zotsatira zake zinaphatikizapo kutupa ndi fupa lomera pamalo osayenera, mpaka bungwe la ku America loona za mankhwala, FDA, linachenjeza mu 2008 za kuigwiritsa pa msana wa m'khosi.

Kadzidzi77
Tibwerere ku timipira ta a Nachisale tisanasochere.

Phwetekere_PCR
Tibwerere ndithu, pa collagen X paja. BMP-6 ikagwira ntchito, vuto lotsatira ndi hypertrophy, kukula matupi kwa maselo pokonzekera kusanduka fupa. Maselowa amatsata njira ya chicherewecherewe cha mwana wosabadwa chimene chimadzasanduka fupa, osati cha pa mfundo chimene chimakhala moyo wonse. Zizindikiro ndi COL10A1, MMP13, IHH, RUNX2 ndi alkaline phosphatase mu medium. Muziyeze pa tsiku la 14, 21 ndi 28. Zochepetsera zilipo ngakhale palibe yothetseratu. Puloteni ya PTHrP imatsitsa collagen X ndi alkaline phosphatase, koma mukaiyamba molawirira imatsitsanso collagen II, ndiye ambiri amaiyamba sabata yachiwiri kapena yachitatu. Okosijeni wochepa, 2 mpaka 5%, amathandiza SOX9 kudzera mu HIF, puloteni imene imachuluka mpweya ukachepa, chifukwa chicherewecherewe chenicheni chilibe mitsempha ya magazi ndipo chinazolowera mpweya wochepa. Mukapita ku okosijeni wochepa musagwiritse GAPDH ngati jini loyerekezera pa qPCR, nalonso limakwera ndi HIF-1α ndipo lidzabisa kusintha kwanu. Yesani awiri kapena atatu monga RPL13A, TBP ndi YWHAZ, musankhe okhazikika.

Chimwemwe_Histo
Ndiikepo za utoto, chifukwa nthawi zina collagen II amakhala alipo koma sakuoneka. Kampira kaikidwe mu formalin 10% kapena paraformaldehyde 4% kwa maola ochepa, osati sabata yonse. Kuti kasasowe pokonza, kadonthezereni eosin pang'ono kapena kakulungeni mu agarose 2%. Dulani 5 µm, ndipo mufike pakati pa kampira, chifukwa ma section oyamba ndi a chikopa cha collagen I chokhachokha. Proteoglycan imaphimba collagen II, choncho antibody isanalowe gayani ndi pepsin kapena hyaluronidase motsata zimene antibody yanu imafuna. Pa slide iliyonse pakhale kachidutswa ka chicherewecherewe chenicheni. Alcian blue ikhale pa pH 1.0 ngati mukufuna sulfated GAG yokha, maunyolo a shuga a pa proteoglycan. Pa pH 2.5 imagwiranso hyaluronan, moti ngakhale kampira ka fibroblast kamaoneka kabuluu. Safranin O imasuluka mukachedwa mu ethanol, viikani mwachangu.

Maso okha sakwana. Gayani timipira titatu mu papain pa madigiri 60 usiku wonse, yezani GAG ndi DMMB, DNA ndi PicoGreen, n'kupereka GAG pa DNA. Sungani medium yochotsedwa, chifukwa GAG yambiri imathawira m'menemo, makamaka sabata yoyamba collagen isanalukane.

Gogo_Inkyubeta
Ndipo anthu atatu aja musawasakanize mu chubu chimodzi. Kusiyana pakati pa munthu ndi munthu nthawi zambiri kumaposa kusiyana pakati pa mapuloteni amene mukuyerekeza. Lembani zaka, BMI, shuga, malo amene mafuta anatengedwa, ndi mankhwala amene munthuyo akumwa ngati chilolezo chanu chikulola. Kuno ambiri ali pa ma ARV, ndipo ena mwa mankhwalawa, monga stavudine wakale uja ndi ma protease inhibitor ena, amadziwika kuti amasokoneza maselo a mafuta. Yezaninso tizilombo ta mycoplasma musanayambe, timadya zakudya za maselo mwakachetechete medium ili mbee.

Nachisale_Parktown
Ndamva zonse, Mulungu akudalitseni. Dongosolo langa ndi ili, mundikonze pamene ndaphonya. Sabata ino western ya phospho-Smad2 ndi kuyeza pH ya inkyubeta. Kenako ndisungunula maselo a passage 2, ndiwakulitse ndi FGF-2 5 ng/mL mpaka passage 4, gulu lina lopanda FGF-2. Timipira magulu anayi: opanda puloteni, TGF-β3 yokha, BMP-6 yokha, ndi zonse ziwiri pa 10 ng/mL, munthu aliyense payekha. A m'mongo akhalapo ngati oyerekezera. Machubu achuluka kwambiri, ndiye ndikuganiza zosamukira ku mbale ya 96-well.

Kadzidzi77
Dongosolo lili bwino. Pa 96-well tengani ya polypropylene ya pansi pa V kapena U, osati ya tissue culture, apo ayi maselo amamatira pansi m'malo mobulungana. Koma samalani ndi kuchuluka kwa medium. Well imalandira 200 µL yokha. Maselo 250,000 mu 200 µL amamaliza shuga ndi TGF-β3 msanga, medium imasanduka yachikasu pofika mawa lake. Tsitsani maselo kufika 100,000 kapena musinthe medium tsiku lililonse.

Mlongoti
Onjezani gulu lachisanu ngati maselo akukwana: BMP-6 yokha masiku awiri kapena atatu oyamba, kenako zonse ziwiri. Ngati nkhani ndi ya ALK5, gulu limeneli likuuzani ngati kutsogoza BMP-6 kuli ndi phindu, ndipo tengani RNA pa tsiku la 0 ndi la 3 kuti muone TGFBR1 ikukwera kapena ayi.

Tsabola_wakale
Patatha maola 24 mpaka 48 gogodani chubu kapena mbale pang'ono kuti kampira kanyamuke pansi n'kuyandama, medium izifika mbali zonse. Kakakhala kosabulungana pofika tsiku lachiwiri, kophwanyika mukakagwedeza, nthawi zambiri ndi trypsin amene anakhalitsa. Mphindi 3 mpaka 5 zikwana, ndipo mumuletse ndi medium ya seramu kenako mutsuke seramuyo kawiri musanazunguze. Posintha medium siyani pafupifupi 20 µL pansi ndipo mugwiritse pipette ya m'manja, chifukwa pampu yokoka imameza kampira kosaoneka n'komwe.